Mmene mungawerengere maelekitironi akunja kwa atomu ndi kudziwa bondi imene ingapangike

Mchere umene timathira m'ndiwo unapangidwa kuchokera ku zinthu ziwiri zimene palibe munthu angayerekeze kuziika pakamwa. Choyamba ndi sodiyamu, chitsulo chofewa chimene chimadulika ndi mpeni ngati sopo, ndipo m'malabotale amachisunga chomizidwa m'mafuta chifukwa chikangokhudza madzi chimayamba kuthamanga pamwamba pake chikuchita thovu, nthawi zina mpaka kuyaka moto. Chachiwiri ndi kolorini, mpweya wobiriwira monkera ku chikasu, umene ndi wapoizoni kwambiri moti unagwiritsidwa ntchito ngati chida chankhondo ku Ypres m'dziko la Belgium mu 1915. Ziwirizi zikakumana zimatulutsa timibulu toyera timene mwana amanyambita osadwala, ndipo chimene chachitika pa atomu iliyonse ndi chinthu chimodzi chokha: elekitironi imodzi yachoka pa sodiyamu n'kupita pa kolorini.

Ophunzira ambiri amene akukonzekera mayeso a MSCE amatenga phunziro la mabondi, kutanthauza kugwirana kwa maatomu, ngati mndandanda wa zinthu zoloweza pamtima, ndipo makope awo amakhala odzaza ndi mafomula monga NaCl, MgCl₂ ndi Al₂O₃ amene sadziwa kuti tinambala tating'onoto tinachokera kuti. Pa zimene ndaona pochonga makope, kuloweza kotereku kumathandiza mpaka pa tsiku limene wofunsa wabisa dzina la elementi n'kuitcha X, chifukwa pamenepo zolowezazo zimathera panjira. Munthu amene amatha kuwerenga maelekitironi a mu shelo yakunja safunika kuloweza fomula, popeza amatha kuipanga yekha pakapepala kapambali m'mphindi imodzi.

Yambani ndi nambala ya atomu

Pakati pa atomu pali phata lake, limene mabuku amalitcha nucleus, ndipo muli mapulotoni okhala ndi chaji ya pozitivi pamodzi ndi manyutironi amene alibe chaji. Kunja kwa phatalo kuli maelekitironi, amene ali ndi chaji ya negetivi. Nambala ya atomu imatiuza kuchuluka kwa mapulotoni, ndipo mu atomu imene sinataye kapena kulandira kanthu, maelekitironi amakhala ofanana kuchuluka ndi mapulotoniwo. Pa periodic table, tebulo losanja maelementi onse, elementi iliyonse imakhala ndi manambala awiri, ndipo imene mukufuna pa ntchito iyi ndi yaing'onoyo. Yaikuluyo imaphatikiza manyutironi, amene alibe gawo lililonse pa nkhani ya mabondi.

Mukapeza nambalayo, gawani maelekitironi m'mashelo kuyambira mkati kupita kunja, monga mmene makoko a anyezi amakutirana. Pa maelementi 20 oyambirira, shelo yoyamba imatenga maelekitironi 2, yachiwiri imatenga 8, yachitatu imatenga 8, ndipo otsalawo amapita mu yachinayi. Sodiyamu ali ndi nambala 11, choncho timalemba 2.8.1, pamene kolorini wa nambala 17 amakhala 2.8.7, okosijeni wa nambala 8 amakhala 2.6, ndipo kashiyamu wa nambala 20 amakhala 2.8.8.2. Nambala yomalizirayo ndiyo ya maelekitironi akunja, amene m'mabuku ndi m'mayeso amatchedwa valence electrons. Amkatiwo ali pafupi ndi phata ndipo amakokedwa mwamphamvu, motero atomu ikakumana ndi inzake, akunja okhawo ndi amene amakhudzidwa.

Pali njira yachidule yotsimikizira kuti simunalakwitse. Dmitri Mendeleev atasanja maelementi mu 1869 anaika m'gulu limodzi amene amachita zinthu mofanana, ngakhale kuti pa nthawiyo elekitironi inali isanadziwike, popeza J. J. Thomson anadzaitulukira mu 1897. Lero tikudziwa kuti maelementi a gulu limodzi amafanana khalidwe chifukwa ali ndi maelekitironi akunja ofanana kuchuluka. A Gulu I ali ndi imodzi, a Gulu II ali ndi 2, mpaka a Gulu VII amene ali ndi 7. Ngati tebulo lanu linalembedwa ndi manambala 1 mpaka 18, chotserani 10 pa magulu oyambira 13 mpaka 18, kotero kuti gulu 16 likhale ndi maelekitironi akunja 6. Kuchuluka kwa mashelo nako kumafanana ndi nambala ya mzere wopingasa umene elementiyo ili. Heliyamu yekha ndiye amasocheretsa anthu, chifukwa ali ndi maelekitironi 2 okha koma sali m'Gulu II. Shelo yake imodziyo ndi yodzaza kale, n'chifukwa chake amakhala kumapeto kwa tebulo pamodzi ndi neyoni ndi agoni.

Apa ndiime pang'ono pa mawu awiri amene amadyetsa ophunzira malikisi chaka ndi chaka. Valence electrons ndi valency ndi zinthu zosiyana. Okosijeni ali ndi valence electrons 6, koma valency yake ndi 2, chifukwa valency imanena za kuchuluka kwa maelekitironi amene atomu imataya, kulandira kapena kugawana ndi inzake. Pa magulu I mpaka IV manambala awiriwa amafanana, ndipo n'chimene chimapangitsa anthu kuganiza kuti ndi chinthu chimodzi. Kuyambira Gulu V kupita kutsogolo, chotserani nambala ya gulu pa 8 kuti mupeze valency, motero naitirojeni amakhala ndi 3, okosijeni 2, kolorini 1.

Chifukwa chake maatomu amagwirana

Neyoni, amene ndi 2.8, ndi agoni, amene ndi 2.8.8, sagwirana ndi maelementi ena mwachisawawa, ndipo zimenezi zinapatsa akatswiri poyambira. Mu 1916 Walther Kossel wa ku Germany anafotokoza kuti maatomu amataya kapena kulandira maelekitironi mpaka afanane ndi mipweya imeneyi, ndipo chaka chomwecho Gilbert N. Lewis wa ku America anaonetsa kuti maatomu awiri angathenso kugawana maelekitironi awiriawiri. Pamenepa m'pamene panachokera lamulo la 8, limene mabuku amalitcha octet rule, lonena kuti atomu imakhazikika shelo yake yakunja ikakhala ndi maelekitironi 8, kapena 2 ngati ili shelo yoyamba.

M'kalasi timakonda kunena kuti atomu "ikufuna" kudzaza shelo yake, ndipo ine ndimanena choncho ndikatopa, koma atomu ilibe mtima woti ifune kanthu. Chimene chimachitika n'chakuti chaji ya pozitivi ndi ya negetivi zimakokana, ndipo maatomu akagwirana amatulutsa mphamvu n'kutsala pa malo otsika, monga mmene mwala wogubuduzika paphiri umakaimira m'chigwa osati chifukwa chokonda chigwacho. Mukasunga mfundo imeneyi, simudzadabwa mukadzakumana ndi mamolekyu (timagulu ta maatomu ogwirana) amene satsata lamulo la 8.

Musanajambule chilichonse, funsani ngati elementi iliyonse mwa ziwirizo ndi chitsulo kapena ayi. Maelementi okhala ndi maelekitironi akunja 1, 2 kapena 3 kawirikawiri amakhala zitsulo, kupatula haidirojeni, heliyamu ndi boroni, pamene okhala ndi 5, 6 kapena 7 pa maelementi 20 oyambirira si zitsulo. Chitsulo chikakumana ndi chosakhala chitsulo, yembekezerani ionic bond. Zosakhala zitsulo zikakumana zokhazokha, yembekezerani covalent bond. Maatomu a zitsulo akakhala okhaokha, pamakhala metallic bond.

Pamene elekitironi yasamuka

Tibwerere ku mchere uja. Sodiyamu, 2.8.1, akataya elekitironi yake imodzi yakunja amatsala 2.8, ndipo popeza mapulotoni ake adakali 11 pamene maelekitironi atsala 10, amakhala ndi chaji ya +1. Timalemba Na⁺ ndipo tsopano si atomu wamba koma ayoni. Kolorini, 2.8.7, akalandira elekitironiyo amakhala 2.8.8, ndipo mapulotoni 17 pa maelekitironi 18 amapereka chaji ya −1, imene timalemba Cl⁻. Onetsetsani kuti mwamva bwino apa: ionic bond si kusamuka kwa elekitironiko, koma kukokana kwa maayoni awiri a chaji zosiyana kumene kumatsatira kusamukako.

Njira yabwino yophunzirira zimenezi ndi yogwira ndi manja. Jambulani mizere yozungulira iwiri pansi kapena pakatoni, tengani chimanga kuti chiimire maelekitironi a atomu yoyamba ndi nyemba kuti ziimire a yachiwiri, ndipo musunthe njerezo nokha. Mukaika njere 2 za chimanga pa magineziyamu ndi nyemba 7 pa kolorini, muona msanga kuti kolorini ali ndi mpata wa njere imodzi yokha, ndipo chimanga china chatsala m'manja mwanu chopanda kopita. Mufunika kolorini wachiwiri, ndipo MgCl₂ yatulukira pomwepo popanda kuloweza. Chimanga ndi nyembazo ndi zimene papepala la mayeso zimasanduka timadontho ndi timitanda ta dot and cross diagram. Kumbukirani kuti maelekitironi onse ndi ofanana, ndipo zizindikiro ziwirizo zimangothandiza kuona kumene iliyonse yachokera.

Pojambula maayoni, tsekerani ayoni iliyonse m'mabulaketi a ngodya ndipo mulembe chaji yake pamwamba kudzanja lamanja. Ophunzira ambiri amajambula mashelo molondola koma n'kuiwala chaji, ndipo chithunzi chopanda chaji sichionetsa ayoni.

Lamulo la fomula ndi limodzi: chaji zonse za pozitivi ziyenera kufanana ndi chaji zonse za negetivi. Aluminiyamu, 2.8.3, amapanga Al³⁺ ndipo okosijeni amapanga O²⁻. Nambala yaing'ono imene 3 ndi 2 amalowamo onse ndi 6, choncho pafunika maayoni 2 a aluminiyamu ndi maayoni 3 a okosijeni, zimene zikutipatsa Al₂O₃. Njira yosinthanitsa manambala, yoti 3 apite kwa okosijeni ndipo 2 apite kwa aluminiyamu, imapereka yankho lomwelo, koma ili ndi msampha. Mukaigwiritsa ntchito pa ayoni ya kashiyamu, Ca²⁺, ndi O²⁻ mupeza Ca₂O₂, pamene fomula yoona ndi CaO, chifukwa manambala ayenera kuchepetsedwa mpaka pomaliza. Pali maayoni ena opangidwa ndi maatomu angapo amene amayenda ngati gulu limodzi, monga OH⁻, NO₃⁻, SO₄²⁻, CO₃²⁻ ndi NH₄⁺, ndipo amenewa okha ndi amene ndingavomere kuti muwaloweze. Gulu lotere likafunika kawiri, liikeni m'mabulaketi, monga Ca(OH)₂, amene ndi laimu wopaka m'makoma. Chidulo chimene amayi amatcheza paphulusa pophika therere chili ndi potaziyamu kaboneti, ndipo mukaika K⁺ pambali pa CO₃²⁻ muona nokha chifukwa chake fomula yake ndi K₂CO₃.

Musamanene kuti "molekyu ya NaCl". M'kambulu ka mchere mulibe Na⁺ amene ali ndi Cl⁻ wakewake, koma ayoni iliyonse ya sodiyamu yazunguliridwa ndi maayoni 6 a kolorini, ndipo iliyonse ya kolorini yazunguliridwa ndi 6 a sodiyamu, n'kumapitirira choncho mbali zonse. Fomula NaCl ikungonena kuti pa sodiyamu mmodzi pali kolorini mmodzi. Kukokana kwa mbali zonseku n'kumene kumapangitsa kuti mchere usasungunuke ndi moto mpaka pa 801°C, ndipo MgO, amene maayoni ake ali ndi chaji ya +2 ndi −2 motero amakokana mwamphamvu koposa, amafuna kutentha kopitirira 2,800°C.

Pamene maelekitironi agawanidwa

Maatomu awiri a kolorini akakumana, palibe wopereka, chifukwa onse akupelewera elekitironi imodzi ndipo onse amakoka mofanana. Chimene chimachitika n'chakuti aliyense amasonkha elekitironi imodzi, ndipo ziwirizo zimakhala pakati, zikukokedwa ndi maphata onse awiri. Powerenga, maelekitironi apakatiwo amawerengedwa kwa atomu iliyonse, choncho aliyense ali ndi 6 akeake kuphatikiza 2 apakati, zonse pamodzi 8. Maelekitironi awiri ogawana ndiwo covalent bond imodzi, ndipo timawaonetsanso ndi kamzere kamodzi, monga Cl–Cl.

Pa mamolekyu aang'ono mungathe kungoyang'ana valency. Kaboni ali ndi valency 4 ndipo haidirojeni ali ndi 1, choncho methane, mpweya umene umayaka mu biogas, ndi CH₄. Naitirojeni ali ndi 3, choncho amoniya ndi NH₃, ndipo pa naitirojeni pamatsala maelekitironi awiri osagawana ndi aliyense, amene amatchedwa lone pair. Okosijeni ali ndi 2, choncho madzi ndi H₂O, ndipo pamatsala ma lone pair awiri. Awa muziwajambula nthawi zonse, chifukwa akasowa ndiye kuti chithunzi chanu chikunena kuti okosijeni ali ndi maelekitironi 4 okha.

Molekyu ikakhala yovutirapo, tsatani ndondomeko yowerengera, ndipo ndiionetsa pa CO₂. Choyamba phatikizani maelekitironi akunja a maatomu onse: kaboni abweretsa 4, okosijeni aliyense abweretsa 6, zonse pamodzi 16. Nambala imeneyi ili ngati ndalama imene mwapita nayo kumsika, yoti simungaononge yoposa pamenepo ndipo simuloledwa kubwerera ndi chenji. Kenako ikani pakati atomu ya valency yaikulu, amene pano ndi kaboni, podziwa kuti haidirojeni sakhala pakati m'pang'ono pomwe. Lumikizani atomu iliyonse yakunja ndi yapakatiyo ndi bondi imodzi, zimene zadya maelekitironi 4 n'kutsala 12. Gawani otsalawo kwa maatomu akunja mpaka aliyense akwane 8, kutanthauza 6 kwa okosijeni aliyense, ndipo apa 16 yense watha. Tsopano yang'anani wapakati uja, ndipo mupeza kuti kaboni ali ndi 4 okha. Popeza palibe kwina kotenga, chotsani lone pair imodzi pa okosijeni aliyense n'kuibweretsa pakati kuti ikhale yogawana. Zotsatira zake ndi O=C=O, mabondi awiriawiri mbali zonse, kaboni ali ndi 8, okosijeni aliyense ali ndi 8, ndipo mukawerenganso zonse zikukwana 16. Kuwerenganso komalizaku musakudumphe, chifukwa zolakwika zambiri zimagwidwa pamenepa.

Yesani njira yomweyo pa N₂ ndipo mupeza kuti maelekitironi 10 amangokwana ngati maatomu awiriwo agawana ma pair atatu, N≡N. Bondi imeneyi ndi imodzi mwa zolimba kwambiri, ndipo kuithyola kumafuna mphamvu pafupifupi 945 kJ pa mole (muyeso wa kuchuluka kwa mamolekyu), poyerekeza ndi 498 ya O=O ndi 242 ya Cl–Cl. Mlimi aliyense amalipira chifukwa cha timizere titatu timeneti. Pafupifupi magawo 78 pa 100 alionse a mpweya umene tikupumawu ndi naitirojeni, koma chimanga chimachita chikasu chili pakati pa mpweya womwewo chifukwa sichingathe kuthyola N≡N. Nandolo, soya ndi mtedza zili ndi mabakiteriya m'timatuza ta m'mizu amene amatha kuchita ntchitoyo, n'chifukwa chake alangizi amalimbikitsa kasinthasintha wa mbewu. M'mafakitale amagwiritsa ntchito njira imene Fritz Haber anaonetsa mu 1909 ndipo Carl Bosch anaikulitsa kuti ifike pa fakitale mu 1913, yophatikiza naitirojeni ndi haidirojeni pa kutentha kwakukulu ndi kupanikiza kwakukulu kuti papangike amoniya. Kuchokera ku amoniyayo m'pamene pamapangidwa feteleza wa urea, CO(NH₂)₂, amene magawo 46 pa 100 a kulemera kwake ndi naitirojeni, monga zimalembedwa pathumba.

Lone pair ya pa amoniya ija ili ndi ntchito. Ayoni ya H⁺ ilibe elekitironi ngakhale imodzi, choncho ikayandikira NH₃, naitirojeni amapereka maelekitironi onse awiri a bondi yatsopanoyo, ndipo pamapangika NH₄⁺. Imeneyi imatchedwa dative bond kapena coordinate bond, ndipo pojambula mumaika timadontho tiwiri kapena timitanda tiwiri pamalo pa kadontho ndi kamtanda. Ikangopangika siisiyananso ndi mabondi atatu enawo. Powerenga maelekitironi a ayoni yotere, chotserani imodzi pa chaji iliyonse ya pozitivi ndipo onjezerani imodzi pa chaji iliyonse ya negetivi, kotero NH₄⁺ ali ndi 5 kuphatikiza 4 kuchotsera 1, amene ndi 8.

Kugawana sikukhala kofanana nthawi zonse. Linus Pauling anakonza mu 1932 muyeso wa mphamvu imene atomu imakokera maelekitironi ogawana, wotchedwa electronegativity, ndipo pa muyeso umenewu fluorine ndiye ali pamwamba ndi pafupifupi 4.0, okosijeni ali pafupi ndi 3.5, pamene haidirojeni ali pang'ono pamwamba pa 2. M'madzi, okosijeni amakokera maelekitironi kumbali yake, motero mbali imeneyo imakhala ndi kachaji ka negetivi ndipo mbali ya haidirojeni imakhala ndi ka pozitivi. Komanso ma lone pair awiri aja amakankha mabondi kuti molekyu ipindike pa ngodya ya madigiri 104.5. Kupindika ndi kusiyana chaji kumeneku ndiko kumapangitsa madzi kuzungulira Na⁺ ndi Cl⁻ n'kuwakoka mmodzimmodzi mpaka mchere usungunuke, pamene mafuta ophikira, amene mamolekyu ake alibe mbali zotere, amangoyandama pamwamba pa msuzi.

Pali chiganizo chimodzi chimene ndimachipeza kawirikawiri, chonena kuti covalent bond ndi yofooka chifukwa zinthu zokhala nayo zimasungunuka ndi kuwira msanga. Chiganizochi n'cholakwika. Madzi akawira m'ketulo, nthunzi imene ikutuluka idakali H₂O, ndipo palibe bondi ya O–H imene yathyoka. Chimene moto wagonjetsa ndi kukokana kofooka kwa pakati pa molekyu ndi molekyu inzake. Umboni wake ndi dayamondi, amene atomu iliyonse ya kaboni yagwirana ndi ena 4 mosalekeza, popanda mamolekyu apaderapadera, ndipo palibe mwala wachilengedwe wolimba kuposa iye. Graphite wa mu pensulo ndi kaboni yemweyo, koma atomu iliyonse yagwirana ndi ena 3 m'magawo osanjikizana amene amaterereka, n'chifukwa chake amasiya mzere papepala, ndipo elekitironi yachinayi yotsalayo imayenda momasuka n'kumadutsitsa magetsi.

Zitsulo

Pa zitsulo nkhani ndi yaifupi. Atomu iliyonse imamasula maelekitironi ake akunja, ndipo popeza palibe wowalandira, amangoyendayenda pakati pa maayoni a pozitivi amene andandalikana mwadongosolo. Kukokana kwa maayoniwo ndi maelekitironi oyendayendawa ndiko metallic bond. N'chifukwa chake waya wa kopa amadutsitsa magetsi ndipo poto wa aluminiyamu amatentha msanga. Mmisiri wokhoma ndowa akamenya lata ndi hamala limapindika osasweka, chifukwa mizere ya maayoni imatha kusuntha maelekitironi akuigwirabe, pamene kambulu ka mchere kakamenyedwa maayoni a chaji zofanana amayang'anizana n'kukankhana, ndipo kamanyenyeka.

Yesani ndi zinthu za panyumba

Ikani shuga pang'ono pa supuni yakale ndi mchere pa supuni ina, ndipo muziike pambaula mutagwira ndi chinthu choti musapse. Shuga, amene ndi mamolekyu, asungunuka posachedwa, asanduka wofiirira ngati uchi, kenako ada n'kuyamba kununkha, pamene mchere ungothetheka n'kukhala momwe unalili.

Kuyesa kwachiwiri kukufuna batire la 9V kapena mabatire a tochi anayi olumikizana, kababu ka LED, mawaya, ndi timitima tiwiri ta pensulo tomangirira kumapeto kwa mawayawo. Musayese n'komwe kugwiritsa ntchito magetsi a pakhoma, ndipo muchitire panja kwa kanthawi kochepa, popeza madzi amchere amatulutsa kolorini pang'ono magetsi akamadutsamo. Mukazika timitimato mu mchere wouma, kababu sikayaka. Mukatimiza m'madzi a shuga, osalola kuti tigundane, sikayakanso, kapena kangochita kuwala kofooka kofanana ndi kumene madziwo amapereka paokha, chifukwa madzi a pamjigo amakhala kale ndi maayoni ochepa ochokera m'nthaka. Mukatimiza m'madzi a mchere, kababu kawala moonekeratu. Polemba chifukwa chake samalani mawu: mu mchere wouma maayoni alipo koma ndi omangika pamalo awo, ndipo m'madzi amakhala omasuka kuyenda. Amene akuyenda m'madzimo ndi maayoni, osati maelekitironi, pamene mu waya ndi mu graphite akuyenda ndi maelekitironi.

Kumene lamulo la 8 limalephera

Haidirojeni amakhazikika ndi 2, ndipo lithiamu akataya elekitironi yake amatsalanso ndi 2. Boroni mu BF₃ ali ndi 6 okha, pamene phosphorus mu PCl₅ amajambulidwa ndi 10 ndipo safa mu SF₆ ndi 12. Zitsulo za pakati pa tebulo nazo sizitsata nambala ya gulu, moti ayironi amapanga Fe²⁺ komanso Fe³⁺, ndipo n'chifukwa chake mayina awo amakhala ndi nambala yachiroma yonena chaji. Dzimbiri la pakhasu kwakukulukulu ndi Fe₂O₃ yokhala ndi madzi, ndipo mukawerenga chammbuyo, okosijeni 3 akupereka −6, imene igawidwe kwa ayironi 2, motero aliyense ndi +3. Kugawira mashelo kwa 2.8.8 nakonso kumathera pa kashiyamu, chifukwa kupitirira nambala 20 shelo yachitatu imayambanso kulandira mpaka ikwane 18.

Funso lokhala ndi X ndi Y

Tiyerekeze kuti funso likuti elementi X ili ndi nambala ya atomu 12 ndipo Y ili ndi 9, ndipo akufuna mtundu wa bondi, fomula ndi khalidwe limodzi la chinthu chopangidwacho. Musataye nthawi kufufuza mayina awo. Lembani X ngati 2.8.2 ndi Y ngati 2.7. X ali ndi maelekitironi akunja 2, choncho ndi chitsulo cha Gulu II ndipo apanga X²⁺, pamene Y ali ndi 7, si chitsulo, ndipo apanga Y⁻. Bondi yake ndi ionic, pafunika Y awiri kuti chaji zifanane, ndipo fomula ndi XY₂, chitsulo chikulembedwa koyambirira. Pa khalidwe mungalembe kuti chinthucho chimasungunuka pa kutentha kwakukulu, kapena kuti chimadutsitsa magetsi chikasungunulidwa ndi moto koma osati chili cholimba, ndipo muwonjezere chifukwa chake ngakhale sanafunse mwachindunji.

Wofunsa akasintha X kuti akhale wa nambala 6, kusiya Y momwemo, yankho lonse limatembenuka. X tsopano ndi 2.4, si chitsulo, choncho agawana maelekitironi ndi Y anayi n'kupanga molekyu ya XY₄. Maelekitironi akunja onse ndi 4 kuphatikiza 28, amene ndi 32, ndipo 8 mwa iwo ali m'mabondi anayi pamene 24 otsalawo ndi ma lone pair atatuatatu pa Y aliyense. Chinthu chimenechi sichidutsitsa magetsi ndipo pa kutentha kwa m'chipinda ndi mpweya. Tengani chimanga ndi nyemba zija muyese nokha nambala 19 ndi 16, kenako 1 ndi 16, kenako 13 ndi 9, ndipo pa chilichonse mulembe mashelo, mtundu wa bondi ndi fomula musanatsegule buku.